Dexter Gordon satsalira, achimwene, amachita dala

Achimwene mwafunsa kuti aphunzitsi anu a saxophone akuuzani kuti muzimvera Dexter Gordon, koma inu mukatsegula nyimbo zake mukumva ngati mkuluyo akutsalira, ng'oma ndi besi zili kutsogolo iye akubwera pambuyo mochita kudzikoka, ndiye mukufuna kudziwa ngati vuto ndi makutu anu kapena ankaimba ataledzera, komanso kuti anali ndani kwenikweni. Ndaona ena ayankha kale kuti ndi sitayilo yake basi. Sananame, koma yankho limenelo silikuthandizani pa chida chanucho, ndiye ndiloleni ine nditalikitseko.

Makutu anu ali bwinobwino. Amatsaliradi, koma amachita kufuna. Ine ndinazindikira mochedwa, ndinkayesa kuimba naye limodzi nyimbo yake ija ya Cheese Cake ya pa chimbale cha Go, manotsi onse ndinali nditawaloweza, zala zikuyenda, koma mzere uliwonse ndinkamaliza ine kaye kenako nkumamumva iye akumaliza pambuyo panga. Ndinabwereza mwina kakhumi ndikuganiza kuti foni yanga ndiye ikuchedwetsa mawu. Tsiku lina ndinaika saxophone pansi, ndinangopondetsa phazi motsatira besi ya Butch Warren, wani thu fili folo, osamvera china chilichonse. Apo mpamene ndinaona zimene zikuchitika. Besi ikagunda, notsi ya Dexter imafika kamphindi kakang'ono pambuyo pake, kochepa kwambiri koti simungakawerenge, koma kamphindiko kamakhala kofanana nthawi zonse, sikakula sikachepa. Munthu woledzera kapena wosadziwa amachedwa apa, athamange apo, kenako asochere osadziwa kuti gulu lafika pati. Dexter mukawerenga mabala a nyimbo (timagawo tija ta wani thu fili folo) mupeza kuti pomwe gawo likutha iye ali pomwepo, pomwe makodi (manotsi angapo olira pamodzi) akusintha iye wasintha nawo. Ndiye kuti m'mutu mwake biti ili pamalo pake ndithu, akungosankha kuyitsamira.

Zimenezi anazitenga kwa Lester Young, yemwe ankaimba tenor, saxophone ya mawu akuluakulu yomwe Dexter nayenso ankaimba, mu bandi ya Count Basie kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Nthawi imeneyo tenor inali ndi njira ziwiri. Coleman Hawkins anali ndi mawu olemera, odzaza, okankha nyimbo kutsogolo, pomwe Lester anali wopepuka, wodekha, oimba ngati akucheza. Anyamata ambiri ankasankha mbali. Dexter anatenga kudekha kwa Lester koma nkukuika mu mawu akuluakulu odzaza chipinda, kenako nkuwonjezera za Charlie Parker, jazz ija yotchedwa bebop, ya makodi ambiri ndi mizere yaitali yokhotakhota. Parker ankaimba alto, saxophone yomwe ndi yaing'ono komanso yopepuka kuthamanga nayo. Dexter ndi mmodzi mwa anthu oyambirira amene anasamutsa chiyankhulo chimenecho kuchiika pa tenor chikumveka bwino, ndipo John Coltrane ndi Sonny Rollins ali anyamata anamumvera kwambiri. Nchifukwa chake aphunzitsi anuwo akukutumizani kwa iye, mizere yake ndi ya bebop koma notsi iliyonse imamveka payokha, mutha kuyitola ndi khutu osavutika ngati mmene mungavutikire ndi Parker.

Za moyo wake tsopano. Anabadwa pa 27 February 1923 ku Los Angeles. Sanachokere m'banja losauka ngati mmene anthu amaganizira za oimba jazz onse, bambo ake a Frank Gordon anali dokotala, mmodzi mwa madokotala akuda oyambirira mumzindawo, ndipo ena mwa odwala awo anali Duke Ellington ndi Lionel Hampton. Bambowo anamwalira mu 1935 mwana ali ndi zaka 12. Anayamba ndi clarinet, kenako alto, tenor anayigwira ali ndi zaka 17, ndipo chaka chomwecho cha 1940 Hampton anamutenga mu bandi yake. Tangoganizani, mnyamata wongochoka kusukulu, wakhala pampando woyandikana ndi Illinois Jacquet, kuyenda mu basi dziko lonse la America usiku ndi usiku. Sukulu yake yeniyeni inali imeneyo mpaka 1943. Mu 1944 anaimbako ndi Louis Armstrong miyezi ingapo, ntchito yabwino ya malipiro okhazikika, koma anachoka kupita kwa Billy Eckstine chifukwa nyimbo zatsopano zinali kumeneko, Art Blakey pa ng'oma, Sarah Vaughan akuimba, Gene Ammons pa tenor ina. Mu 1945 anali kale ku New York m'makalabu a 52nd Street akujambula ndi kampani ya Savoy m'dzina lake.

Anali wamtali zedi, pafupifupi mamita awiri, mpaka anamupatsa dzina loti Long Tall Dexter. Tenor m'manja mwake imaoneka ngati kachidole.

Atabwerera ku Los Angeles anayamba mipikisano ija ya ma tenor awiri ndi mnzake Wardell Gray m'makalabu a Central Avenue, wina aimbe mabala angapo wina ayankhe, kumachepetsa mabala mpaka azilandizana mizere ifupiifupi anthu akukuwa. Mu 1947 anaijambula ku kampani ya Dial nkuitcha The Chase, inadzaza mbali zonse ziwiri za chimbale chakale chija chotchedwa 78 ndipo inagulidwa kwambiri. Mukaimvera muona kuti Dexter wa nthawi imeneyo sankatsalira kwambiri ngati wa pambuyo pake, anali mnyamata wamagazi otentha wofuna kugonjetsa mnzake.

Kenako zinthu zinaipa, ndipo apa funso lanu la kuledzera lili ndi pogwira pang'ono, sindikubisirani. Anagwidwa ndi heroin ngati oimba ambiri a m'badwo wake, ndipo malamulo a ku California nthawi imeneyo munthu wogwiritsa ntchito mankhwala ankamutenga ngati chigawenga osati wodwala. Anakhala kundende ya Chino kuyambira 1953 mpaka 1955. Atatuluka anajambulako zimbale zingapo mu 1955, chaka chomwe Wardell Gray anapezeka atafa kunja kwa Las Vegas, kenako analowanso, mpaka kundende ya Folsom anafikako. Zaka khumi zimene anzake monga Miles Davis ndi Rollins ankapanga mayina, iye kwambiri anazithera m'kati. Achinyamata amene anaphunzira kwa iye anamupitirira, anthu ena mpaka anaiwala kuti alipo.

Chimene chimandisangalatsa ine nchakuti atatuluka sanachite manyazi kuphunzira kwa achinyamata omwewo. Anamvera Coltrane, anatolako zina za makodi ndi kulira kuja kwa manotsi apamwamba, pambuyo pake mpaka anayamba kugwirako saxophone yaing'ono ija ya soprano. Cannonball Adderley ndi amene anamuthandiza kujambula chimbale chobwererera mu 1960, ndipo mu 1961 Alfred Lion anamusainitsa ku kampani yake ya Blue Note. Apa ndiye pamene pali Dexter amene aphunzitsi anu akunena. Chimbale cha Go anachijambula pa 27 August 1962 mu situdiyo ya Rudy Van Gelder ku Englewood Cliffs, ndi Sonny Clark pa piyano, Butch Warren pa besi, Billy Higgins pa ng'oma. Patangopita masiku awiri anthu anayi omwewo anabwerera nkujambula china, A Swingin' Affair. Mukamamvera Go tcherani khutu kwa Higgins, chimbale chake cha mkuwa chija cha pa ng'oma (cymbal) chimavina patsogolo pa biti, chopepuka, chosangalala, ndiye Dexter nkutsamira kumbuyo, mpata umene uli pakati pa awiriwo ndi umene umakugwedezani mutu. Higgins akanati nayenso atsalire kuti amudikire, nyimbo yonse ikanagona. Izi muwauzenso a ng'oma anu mukadzayamba kuyesa, asakutsatireni, agwire pomwe ali.

Koma ngakhale zimbale zinali kuyenda, ku New York sakanatha kugwira ntchito m'makalabu ogulitsa mowa chifukwa apolisi sankapereka chiphaso chija cha cabaret card kwa munthu amene anamangidwapo, lamulo lomwe linavutitsanso Billie Holiday ndi Thelonious Monk ndipo linathetsedwa mu 1967. Ndiye Ronnie Scott atamuitana kuti akaimbe ku kalabu yake ku London mu 1962 anapita, akuganiza kuti ndi ulendo wa masabata ochepa. Anakhala ku Ulaya zaka 14. Kwambiri ankakhala ku Copenhagen, akuimba ku kalabu ya Jazzhus Montmartre miyezi yathunthu motsatizana, nthawi zina ku Paris. Kumeneko anapeza ulemu umene kwawo munthu wakuda woimba jazz sankaupeza, komanso anthu okhala chete kumvera. Our Man in Paris ya 1963 ali ndi Bud Powell ndi Kenny Clarke, anzake akale a bebop omwe anasamukiranso komweko. One Flight Up ya 1964 ili ndi mnyamata wa ku Denmark wa zaka 18 pa besi, Niels-Henning Ørsted Pedersen, ndipo nyimbo imodzi yokha, Tanya, yadzaza mbali yonse ya chimbale, mphindi 18. Musaganize kuti ku Ulaya mavuto anatheratu, mu 1966 anamangidwanso ku Paris pa nkhani ya mankhwala yomweyo. 

Zimbale za m'ma 1970 za kampani ya SteepleChase ndi zimene amatsalira kwambiri, makamaka nyimbo zodekha, nthawi zina mumachita mantha kuti safika koma amafika. Ngati mwayambira kumeneko ndiye mposadabwitsa kuti mwasokonezeka. Bwererani ku 1962 kaye.

Pali chinthu china chimene chimafotokoza kuchedwaku kuposa zonse ndanenazi. Dexter asanayambe nyimbo yodekha ankaima pa maikolofoni nkunena mawu a nyimboyo pakamwa, pang'onopang'ono ndi liwu lake lija lokhuthala, mizere iwiri kapena inayi, kenako nkuika chida pakamwa. Lester Young ankakhulupirira kuti woimba chida ayenera kudziwa mawu a nyimbo imene akuimba, ndipo Dexter anazigwiritsa. Ndiye akamaimba saxophone amakhala akutchula mawu aja m'mutu, ndipo munthu amene akukuuza nkhani yomukhudza mtima sayankhula motsatira wotchi, amakoka liwu lina, amapuma pomwe chiganizo chapumira. Tengani I Guess I'll Hang My Tears Out to Dry pa Go pomwepo, pezani mawu ake muwawerenge akuimba, muona kuti pomwe iye akupuma mpomwe pali chizindikiro cha koma kapena mpumiro pa pepala. Nthabwala nazonso anali nazo, pakati pa solo amaponyamo kachidutswa ka nyimbo ina yodziwika, ya ana kapena ya ku mpira, anthu nkuseka, iye nkupitiriza ngati palibe chachitika. Ena zimawanyansa akuti amachulutsa, ine ndimazikonda ngakhale ndivomereze kuti pa zimbale zina za pa siteji amabwereza tizidutswa tomwetomweto. Ndipo anthu akamaomba m'manja sankawerama ngati ena, ankanyamula saxophone mopingasa ndi manja awiri nkuilozetsa kwa anthu ngati akupereka mphatso. Makanema ake a ku Denmark ndi Holland alipo pa YouTube, mukaone nokha.

Mu 1976 anabwerera ku New York ndipo anthu anachita mizere panja pa kalabu ya Village Vanguard kufuna kumuona. Zimene anaimba kumeneko mu December ndi Woody Shaw pa lipenga zinatuluka ku kampani ya Columbia pa chimbale cha Homecoming. Thupi linayamba kufooka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, fodya ndi mowa zinali zitamudya, anasiya kuyendayenda. Kenako Bertrand Tavernier wa ku France anamutenga kuti akhale mwini filimu ya Round Midnight ya 1986, ngati Dale Turner, woimba tenor wokalamba wokhala ku Paris, munthu wopeka kuchokera pa moyo wa Lester Young ndi Bud Powell. Nyimbo za mufilimuyo ankaimba pomwepo kamera ikujambula, osati kunamizira. Munthu woti sanaphunzire za zisudzo anapezeka ali pa mndandanda wa opikisana pa Oscar ya mwamuna wochita bwino koposa, amene anapambana anali Paul Newman, koma Herbie Hancock anatenga Oscar ya nyimbo za filimu yomweyo. Chenjezo langa ndi loti musaweruze kaimbidwe kake ndi filimuyi, mpweya unali utachepa, mawu aja odzaza chipinda anali atatsala theka. Anamwalira pa 25 April 1990 ku Philadelphia ali ndi zaka 67, impso zitasiya kugwira ntchito komanso ali ndi khansa ya pakhosi.

Pa chida chanucho musayambe ndi kuyesa kuchedwa, mungozolowera kusochera. Tsegulani metronome, imbani mzere umodzi wa Cheese Cake ndendende pa biti mpaka muzitha osaganiza, mudzijambule pa foni mumvere ngati mulidi pamenepo. Zikatheka zimenezo ndiye muzimitse metronome, mutsegule chimbale, muimbe naye mabala eyiti okha, cholinga chikhale choti mawu anu abisale m'kati mwa ake osamveka kuti muli awiri. Ine mabala eyiti oyambawo ananditengera pafupifupi mwezi, ndipo mpaka pano pa notsi yomaliza ndimafikabe ine kaye.