Kalata ya msonkho wa nyumba yafika kwa wochita lendi: alipire ndani?

Sabata ino ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene akuchita lendi. Ndaifupikitsa motere:

"Ndakhala m'nyumba muno miyezi 14. Dzulo ndapeza envelopu ya ku khonsolo pansi pa chitseko, yonena kuti nyumbayi ili ndi ngongole ya msonkho ya zaka zitatu. Nditawaimbira eninyumba anangoti, 'Mukukhalamo ndinu, lipirani.' Ine lendi sindinaphonyepo ngakhale mwezi umodzi. Kodi msonkhowu ndi wanga?"

Pepani mayi. Kalata yotere imasowetsa tulo, makamaka kwa munthu amene wakhala akudzimana kuti lendi isachedwe. Musanatulutse ndalama ina iliyonse, iyaleni kalatayo patebulo, muyang'ane zinthu ziwiri: madeti a ngongoleyo, ndi dzina limene lalembedwa pamwamba.

Za madeti sizivuta. Zaka zitatu ndi miyezi 36, inu mwakhalamo 14. Miyezi 22 yoyambayo makiyi a nyumbayo munali musanawagwire n'komwe, ndiye ngongole ya nthawi imeneyo si yanu. Eninyumba akamati "mukukhalamo ndinu", awerengereni miyeziyo pa zala mwaulemu.

Pa dzina ndi pamene pagona nkhani. Anthu ambiri amasokoneza mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, msonkho ukapanda kulipidwa, khonsolo imalondola ndani? Limeneli limayankhidwa ndi lamulo la dziko limene muli. Lachiwiri ndi lakuti, inu ndi eninyumba munagwirizana zotani? Limeneli limayankhidwa ndi pangano lanu la lendi. Khonsolo sinalipo pamene munkasainirana, choncho iyo imangotsata munthu amene lamulo lamutchula.

M'maiko ambiri munthu ameneyo ndi mwini wake wa nyumba, chifukwa msonkhowu umawerengedwa kuchokera pa mtengo wa malo ndi nyumba, ndipo chumacho ndi chake. Ku United States zili choncho: ngongole ya msonkho imamatirira panyumbayo, ndipo ikakula boma la deralo likhoza kufika poigulitsa. Ku Ireland, kumene msonkho wa nyumba wotchedwa Local Property Tax unayamba mu 2013, wolipira ndi mwininyumba, pokhapokha ngati wochita lendi ali ndi pangano la zaka 20 kapena kuposerapo. Ku France nakonso msonkho wotchedwa taxe foncière ndi wa mwininyumba, ndipo saloledwa kuukankhira kwa wochita lendi m'nyumba yogonamo. Chimene angaitanitse ndi kagawo ka ndalama zotolera zinyalala, kamene kamabwera papepala lomwelo. Kunali msonkho wina wa okhala m'nyumba, taxe d'habitation, koma pofika 2023 unachotsedwa panyumba imene munthu amakhalamo tsiku ndi tsiku.

Ku England zinthu zinatembenuka. Msonkho wa nyumba wa kumeneko, wotchedwa council tax, umene unayamba mu 1993, umalondola wokhala m'nyumbayo. Mukachita lendi nyumba yonse, bilu imabwera m'dzina lanu kuyambira tsiku limene lendi yanu yayamba. Ngati munthu wamkulu m'nyumbamo ndi inu nokha, amakuchotserani 25 peresenti. Ngati onse okhalamo ndi ophunzira amene sukulu ndiyo ntchito yawo, salipira. Koma ngati nyumba ndi ija yoti aliyense ali ndi chipinda chake ndi pangano lakelake, khitchini ndi bafa n'zogawana, udindo umabwerera kwa mwininyumba. Ndiye mawu a eninyumba anu aja kumalo ngati amenewa ali ndi pogwira, koma pa miyezi yanu 14 yokha.

Germany ili pakati. Boma limafuna msonkho wa malo ndi nyumba wotchedwa Grundsteuer kwa mwininyumba, koma iye akhoza kuuwerengera pa ndalama zoonjezera zimene wochita lendi amalipira pamodzi ndi za madzi ndi zinyalala, ngati zinalembedwa m'pangano. Chaka chilichonse ayenera kupereka chiwerengero cholembedwa chosonyeza mmene ndalamazo zayendera.

Pali njira ina imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ndi imene imachititsa kuti kalata ifike kwa wochita lendi ngakhale msonkho uli wa mwininyumba. Ku South Africa, lamulo la Municipal Property Rates Act la 2004 limati wolipira ndi mwini malo. Koma akalephera, khonsolo ikhoza kulembera wochita lendi kuti ndalama ya lendi aipereke kukhonsoloko. Singatenge zoposa lendi imene munthuyo amayenera kupereka, ndipo zimene walipirazo amazichotsera pa lendi. Wochita lendi salipira kawiri, ndalama yomweyo yangosintha kolowera. Ngati kalata yanu ndi ya mtundu umenewu, ikhala ndi mawu onena za lendi yanu momveka, osangoti ngongole ya nyumba.

Tsopano ndinene maganizo anga. Kumene msonkho uli wa mwininyumba, wochita lendi amakhala akuulipira kale. Munthu akamaika mtengo wa lendi amawerengera zonse: kukonza denga, penti, ngongole ya kubanki, ndi msonkho womwe. Ku Minnesota, dera lina la United States, boma limavomereza zimenezi poyera, moti ochita lendi opeza zochepa limawabwezera kenakake poona kuti gawo la lendi yawo linapita ku msonkho wa nyumba. Choncho mwininyumba amene wakhala akulandira lendi yonse mwezi ndi mwezi, osapita nayo kukhonsolo, kenako n'kumuuza wochita lendi kuti alipire, akufuna kudya pawiri. Zimandipweteka chifukwa amene amagonja pa nkhani zotere nthawi zambiri ndi munthu woopa kuthamangitsidwa, amene ana ake azolowera kale sukulu yapafupi.

Sikuti eninyumba onse ndi achinyengo ayi. Ena nyumba anaipeza ngati chamasiye, dzina kukhonsolo likadali la malemu, ndipo makalata akhala akupita kuadiresi yakale zaka zonsezi. Iwonso kalatayi ikhoza kukhala kuti yawadzidzimutsa, n'kuyankha mopupuluma. N'chifukwa chake ndikupempha kuti muyambe ndi kukambirana, osati mkangano.

Tulutsani pangano lanu muliwerenge mzere ndi mzere, makamaka pamene palembedwa za mabilu. Mawu akuti "wochita lendi azilipira madzi ndi magetsi" sakutanthauza msonkho. Madzi ndi magetsi ndi zimene mwagwiritsa ntchito inu, msonkho ndi wa nyumbayo. Ngati msonkho watchulidwa ndipo munasaina, mwina gawo la miyezi yanu likukhudzani, malinga ngati lamulo la kwanuko limalola. Ngati munangogwirizana pakamwa ndipo za msonkho sizinatchulidwe, mwininyumba sangabwere nazo lero ngati kuti zinalipo kuyambira kale.

Kenako pitani kukhonsolo ndi kalatayo, pangano lanu ndi malisiti a lendi. Funsani kuti akaunti ya nyumbayo ili m'dzina la ndani, ndipo muwauze tsiku limene munalowa. Yankho lawo alilembe, musangolimva pawindo. Kalatayo muijambule, ina muwatumizire eninyumba ndi uthenga wolemba, kuti pakhale umboni woti munawadziwitsa tsiku lakuti.

Chimodzi chokha musachite: musasiye kulipira lendi mwa inu nokha pofuna kubwezera. Mukatero mwawapatsa chifukwa chenicheni chokutulutsirani. Ngati mwagwirizana kuti mulipireko kenakake kuti zinthu zisafike poipa, ndalamayo ipite kukhonsolo mwachindunji, osati m'manja mwa munthu. Lisiti likhale ndi nambala ya nyumbayo, ndipo eninyumba asaine kapepala konena kuti ndalamayo ichotsedwa pa lendi ya mwezi wakuti. Akakana kusaina, kapena akayamba kuopseza kuti asintha loko, pitani nazo kwa loya kapena kubungwe lothandiza ochita lendi la m'dera lanu, mapepala onse aja ali m'manja.

Mukabwerako kukhonsolo mundilemberenso, mundiuze dzina limene mwalipeza pa akauntiyo.