Funsani Amisiri: Ampu yanga ikulira mmmm, ya mnzanga aliyense akuiyamikira

FUNSO: Amisiri, ine ndimakhala ku Luchenza, ndimakonza mawailesi ndi mafoni pakhonde. Mwezi watha ndinapanga ndekha ampu, chokuzira mawu, ya ma IC awiri a TDA2030, thiransifoma ya 12-0-12 ndi makapasita ndinazula mu wailesi yakale. Kuyimba ikuyimba ndithu koma ikumalira mmmm olo sindinalumikize foni, komanso IC imodzi ikumatentha moti chala sungasiyepo. Mnzanga wa ku Chonde anagula kabodi ka ampu kopangiratu ka TPA3116 ku Limbe, titaziyesa Loweruka anthu onse akuti yake ndiye yomveka, bezi yambiri. Kodi yangayi ndingoitaya?
Wowerenga, Luchenza

YANKHO: Ayi achimwene musataye, chonde. Ampu yanu ikudwala, ndiye wodwala sitimupikisanitsa liwiro ndi munthu wabwinobwino. Tiyichize kaye.

Tiyambe ndi kulirako. Chotsani foni, tengani kawaya kakafupi mulumikize input, polowera mawu, ku ground, waya wa 0V, nkuyatsa. Phokoso likatheratu ndiye kuti likulowera pa waya wa input, mwina munagwiritsa waya wamba m'malo mwa uja wokutidwa ndi ulusi wa kopa, kapena mwaudutsitsa pambali pa thiransifoma. Magetsi a ESCOM ndi a 50Hz, ndipo thiransifoma imafalitsa kulira kumeneko kwa waya aliyense woyandikira. Koma likapitirira, kayikirani makapasita akuluakulu aja. Mwanena nokha kuti munazula mu wailesi yakale, amenewo amauma mkati olo kunja akuoneka bwino, ndipo kulira kwake kumakhala kokwererapo, kwa 100Hz, ngati njuchi mu botolo. Gulani atsopano a 4700µF 25V, mbali iliyonse imodzi.

Chachiwiri chimene anyamata ambiri amachiphonya ndi ground. Waya wapakati wa thiransifoma, ground ya sipika, ya input, zonse zizikakumana pamalo amodzi, pakati pa makapasita awiriwo, osati uyu wawotcherera apa wina apo mongotsata pomwe pali mpata, chifukwa mphamvu yobwerera ku sipika ikadutsa njira imodzi ndi ya input ndiye mmmm uja sangathe olo musinthe IC kakhumi.

Tsopano kutentha. IC kutentha nyimbo zikuyimba mokweza si zachilendo, koma ikamatentha ili chete pali vuto. Chotsani sipika, ikani mita pa DC, yezani pakati pa pini 4 ya IC, yotulukira mawu, ndi ground. Pazikhala pafupi ndi 0, mukapeza 1V kapena kuposa musabwezerenso sipika. Ine ndinawotchapo sipika ya mainchesi 8 yobwereka chifukwa cha changu chofuna kumva nyimbo, fungo la koyilo yopsa lija mpaka lero ndimalikumbuka, ndipo kubweza kwake kunandidyera ndalama ya mwezi. Pini 4 ikakhala bwino, onani ngati munayika tikapasita ta 100nF pafupi penipeni ndi pini 5 ndi pini 3 zolowera magetsi, komanso resistor ya 1 ohm ndi kapasita ya 220nF potulukira mawu. Zimenezi zikasowa IC imayimba yokha mawu okwera kwambiri amene khutu silimva koma kutentha kwake mumakumva. Muyezenso mphamvu, 12-0-12 ikadutsa m'ma diode imafika cha m'ma 16V kapena 17V mbali iliyonse pomwe TDA2030 malire ake ndi 18V, ndiye mwayandikira kale kuphompho. TDA2030A imapirira mpaka 22V, ikapezeka tengani imeneyo. Kachitsulo kakumsana kwa IC nkolumikizana ndi pini 3 ya negative, ndiye pakati pake ndi hitisinki, chitsulo choziziritsa IC, pakhale kapepala ka mica kosadutsa magetsi ngati hitisinkiyo ikukhudza bokosi lachitsulo.

Poyatsa koyamba mukatha kukonza, dutsitsani magetsi mu babu yakale ija ya 60W, yagalasi ya kawaya mkati osati LED. Ikawala kamphindi nkuzilala zili bwino, ikangowala osasiya pali shoti. Apa ndi 230V achimwene, kutirani bwino mawaya, ndipo makapasita amasunga moto olo mutazimitsa.

Kwathu kunoko kulinso chiperoni. Bodi yosatsuka flux, mafuta aja otsala powotcherera, ikakhala m'chinyontho cha June ndi July kopa wake amachita ndere yobiriwira, kenaka mumangomva thetheta. Tsukani ndi sipiriti, ikauma mupake vanishi pang'ono.

Nanga za mpikisano wa Loweruka uja, ndikufunseni, munayesa pa sipika imodzi? Voliyumu inali yofanana? Ndikukayika. Khutu la munthu limakonda chofuula, ampu ziwiri zikasiyana pang'ono chabe aliyense amaloza yofuulayo nkumati ili ndi bezi, pomwe bezi yambiri imachokera ku sipika ndi bokosi lake. TDA2030 imapereka mawati 14 pa sipika ya 4 ohm, TPA3116 imatha kufika 50 mbali iliyonse ikapatsidwa 21V, ndiye kufuula ikuposani basi, palibe zotsutsa. Koma kufuula ndi kukoma nzosiyana.

Mukaichiza muyese chonchi. Sipika imodzimodzi, foni imodzimodzi, nyimbo imodzi yomwe mumaidziwa bwino, makamaka ya kwaya kapena ya gitala yosadzaza zida. Poyamba ikani toni ya 400Hz yochokera pa foni, mita pa AC pa mawaya a sipika, mukweze ampu iliyonse mpaka 2V, voliyumu osaigwiranso. Womvera akhale chofulatira, wina azisintha mawaya osanena kuti yayimba ndi iti, kasanu kapena kakhumi. Samalani pa TPA3116, waya wa negative wa sipika si ground, musaugunditse ku bokosi kapena kwa unzake. Mudzadabwa kuti ena mwa oyamikira aja akulephera kuloza ya mnzanuyo.

Maganizo anga ndi awa. Pa chinkhoswe panja, kapena kumudzi kodalira batire ya sola, ya mnzanu ndiyo yoyenera, ampu ya mtundu wa class D ngati TPA3116 siwononga moto wambiri, pafupifupi 90 peresenti imapita ku sipika ndipo sitentha kwenikweni. Koma m'nyumba madzulo, TDA2030 yomangidwa mwaudongo ine imandikomera, mawu a oyimba amamveka oyera, komanso ikafa mumadziwa pogwira poti munaimanga ndi manja anu, pomwe kabodi kogula kaja IC yake ikapsa miyendo yake njing'onoing'ono zedi, ambiri amangogula kena.

Mukayeza mundilemberenso manambala atatu, a pa pini 3, pini 4 ndi pini 5, munenenso ngati kulira kunatha mutalumikiza input ku ground.