Anandikana pa intavyu yomaliza, atate akuti ndibwerere kusukulu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Chawama mu Lusaka, amene anamaliza dipuloma ya za akawunti zaka ziwiri zapitazo. Akuti: "Ndinalemba mayeso a banki ina, ndinakhoza, ndipo anandiitana ku intavyu kawiri. Lachisanu ndinalandira imelo yoti sananditenge. Kuyambira tsikulo chakudya sichikulowa, ndipo m'nyumba sindikutulukamo. Atate akuti dipuloma ndi pepala chabe, ndikayambe digiri ku UNZA, apo ayi apeze munthu wam'kati timupatse kenakake. Ndichite chiyani?"

Mwana wanga, makalata ngati ako amabwera ochuluka, amangosiyana dzina la komboni. Kuwawa ukukumvako n'kwenikweni, ndipo masiku atatu kapena anayi ongokhala chete palibe angakudzudzule. Koma zodzitsekera m'chipinda uku foni ili kumanja, kuyang'ana zithunzi za anzako ovala mataye pa Facebook, zithe sabata ino. Ngati patha milungu iwiri tulo ndi chakudya zikukukanabe, pita ku kiliniki ukaonane ndi aphungu, usachite nazo manyazi.

Tsopano tione pamene wagwera, chifukwa kukanidwa kuli ndi malo ake. Amene saitanidwa n'komwe, vuto limakhala pa CV kapena pa mapepala. Amene amagwa pa mayeso olemba, n'chifukwa cha masamu ndi kusasunga nthawi. Iwe zonsezi unadutsa. Munthu amene wafika pa intavyu yomaliza n'kusiyidwa, kawirikawiri amagonja kwa mnzake amene anagwirapo kale ntchitoyo ndi manja. Tenga kope lero lomwe, ulembe mafunso onse amene anakufunsa usanawaiwale, uchonge amene unayankha ndi mawu a m'buku m'malo mwa chinthu chimene unachitapo. Kenaka lembera a HR, ofesi yolemba antchito ku bankiko, imelo ya mizere itatu: kuthokoza, kupempha kuti akuuze mbali imodzi yofunika kukonza, ndi kunena kuti udzasangalala akadzakukumbukira malo ena akapezeka. Ambiri sayankha. Lemba ndithu, chifukwa amene anatengedwa kawirikawiri amayamba ndi miyezi ingapo yoyesedwa, ndipo si onse amaimaliza.

Ndikuuze mosabisa: kuika mtima wonse pa banki ndi pa boma ndiko kwakudyera zaka ziwirizi. Malo amenewo ndi ochepa, olimbirana ndi chinamtindi. Kumbuka mu 2022 boma litalemba aphunzitsi 30,496. Ofunsira anapitirira 100,000, kutanthauza kuti anthu ambirimbiri okhala ndi mapepala oyenera anabwerera manja ali m'khosi. Kodi onsewo anali mbuli?

Inu atate, mawu anu andikwiyitsa. Mwana wangogwa kumene, inu mukumuuza kuti zimene anavutikira ndi pepala chabe. Digiri si yoipa, koma mudzalipira zaka zingapo, iye n'kudzabwerera pa mpando womwewo, kufunsidwa funso lomwelo loti wagwirapo kuti, yankho lake n'kukhalabe lakuti palibe. Za "munthu wam'kati" zisatulukenso m'kamwa mwanu. Kupereka chiphuphu ndi mlandu, wopereka ndi wolandira onse a Anti-Corruption Commission amawafuna. Komanso ambiri amene amalonjeza ntchito ndi akathyali: mukangotumiza ndalama pa foni, nambala yawo imazima. Ndalama imeneyo mupatseni mwana ikhale ya minibasi.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yonyozeka, n'chifukwa chake achinyamata amaithawa. Lusaka yadzaza ndi makampani ang'onoang'ono amene mabuku awo a ndalama ali bwerekete: mashopu ogulitsa katundu wambiri ku Kamwala, makampani a mathiraki ku Industrial Area, masukulu a pulaiveti, maofesi aang'ono a ma akawuntanti. Amenewa salengeza ntchito m'nyuzipepala. Sindikiza ma CV makumi awiri, vala bwino, uyende ndi miyendo m'mawa, upemphe kuonana ndi mwini wake kapena amene amayang'anira za ndalama. Usanene kuti "ndikufuna ntchito iliyonse". Nena kuti ukupempha miyezi isanu ndi umodzi yothandiza mu ofesi ya akawunti, kuti uphunzire.

Ukalowa, dziwa chimene wapitira. Uphunzire kukonza malipiro a antchito kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto: kudula PAYE (msonkho wa pa malipiro), kudula 5 peresenti ya NAPSA (ya penshoni) imene wolemba ntchito amaonjezerapo 5 ina, kudula 1 peresenti ya NHIMA (inshuwalansi ya zaumoyo), n'kutumiza zonsezi pofika pa 10 mwezi wotsatira. Uphunzire kutumiza VAT (msonkho wa pa malonda) ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, pofika pa 18, ndiponso mmene Smart Invoice, njira ya ZRA yolembera mainvoisi pa kompyuta, imagwirira ntchito. Mwezi uliwonse uziyerekeza buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki mpaka zigwirizane, ngakhale kusiyana kwake kukhale K50 yokha, chifukwa luso limabwera pofufuza K50 imeneyo. Mapulogalamu a pa kompyuta a Excel ndi Sage uziwagwira tsiku ndi tsiku. Izi ndi zimene gulu la intavyu limafuna kumva, ndipo munthu amene anachedwetsapo NAPSA n'kuona chilango chake amayankha mosiyana ndi woloweza.

Pali misampha iwiri. Eni mashopu ena amakulandira mokondwa kenaka n'kukuimika pa kauntala kugulitsa misomali, mabuku osawaona n'komwe. Ena amakusunga chaka chonse osakupatsa kalikonse. Choncho mugwirizane polemba musanayambe: miyezi ingati, ntchito zanji, ndalama ya mayendedwe ndi nkhomaliro zingati, komanso kuti pomaliza adzakupatsa kalata ya umboni yotchula ntchito zimene unagwira. Akakana kulemba, pita kwina.

Uku ukuyenda, konza mapepala. Umembala wako wa ZICA, bungwe la ma akawuntanti, ukhale wolipiridwa, chifukwa olemba ntchito za akawunti amaufunsa. Satifiketi ya Grade 12 itsimikizidwe ku ECZ (bungwe la mayeso), dipuloma ku ZAQA (bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro), kuti ntchito ikadzalengezedwa usadzathamange tsiku lotseka. Ngati atate ali ndi ndalama ya sukulu ndithu, ailoze ku maphunziro a CA Zambia, a ukatswiri wa akawunti a ku ZICA, amene ungachite uku ukugwira ntchito.

Sindikulonjeza kuti banki idzakuitananso. Koma munthu wopanda tsiku ndi limodzi lomwe la mu ofesi kufika pa intavyu yomaliza, ndiye kuti mutu ulipo, ndipo zimenezo ndikuvomera. Lolemba likubwerali ufike ku Kamwala mashopu akungotsegulidwa, eni ake asanatanganidwe ndi makasitomala.