Ife tinataya holo yathu chifukwa chodikira

Mayi, mwafunsa za mmene gulu lanu lingatetezere siteshoni yakale ya sitima kuti isagumulidwe. Musadikire kuti gulu lanulo likhwime kaye musanayambe kuiteteza, chifukwa ife tinadikira chomwecho, ndipo lero pamene panali holo yakale ya m'tauni mwathu ndi poimika magalimoto.

Tinali ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, koma tinatha chaka chathunthu tikukangana za malamulo oyendetsera gulu. Nthawi yonseyo mwini nyumbayo ankatigwira chanza momwetulira, n'kumatiuza kuti nayenso amaikonda. Chimene sitinachione n'chakuti anali atazula malata angapo cha kumbuyo, ndipo mipaipi yotsitsa madzi a padenga anaisiya itatsekeka ndi masamba. Mvula ya zaka ziwiri inalowerera m'zipupa, mitanda inawola, chiswe chinadzangomalizitsa. Kenako anabweretsa injiniya wake amene analemba kuti nyumbayo ikhoza kugwera anthu, ndipo chilolezo chogumula chinatuluka ife osadziwa, pamene makalata athu anali asanayankhidwe ndi imodzi yomwe.

Anasankha Loweruka m'mamawa, maofesi ndi makhoti ali otseka. Mnzanga atandiimbira foni ndinathamanga nditakumbatira fayilo ya mayina a anthu amene anasaina pempho lathu, koma ndinapeza chimakina chitagwetsa kale khonde lonse, fumbi lili koboo. Ndinaona ndi maso angawa chitseko chachikulu chamatabwa, chimene zogwirira zake zamkuwa zinali zitasalala ndi manja a anthu, chikuponyedwa m'lole pamodzi ndi zinyalala. Ndinapempha kapitawo kuti andilole kutolako ngakhale njerwa imodzi, iye anangondiuza kuti ndichoke ndingavulale. Mwiniwakeyo sanaoneke n'komwe, foni anathimitsa, ndipo mpaka lero ndikakumana naye mtima umandiwawa, chifukwa munthu amene amawoletsa nyumba mwadala kuti apeze chifukwa choigwetsera ndi wachinyengo, ngakhale mapepala ake akhale olongosoka bwanji.

Choyamba, pemphani kuti siteshoniyo ilembedwe m'kaundula wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo, ndipo pezani loya amene angathamangire kukhoti kukatenga chiletso tsiku lomwelo. Chikondi cha anthu pachokha sichiimitsa chimakina. Ku New York, m'dziko la America, anthu anachita zionetsero, komabe siteshoni yaikulu ya sitima yotchedwa Pennsylvania Station inayamba kugumulidwa mu 1963. Mzindawo unakhazikitsa lamulo loteteza nyumba zakale mu 1965, ndipo ndi lamulo limenelo limene linapulumutsa siteshoni ina ya sitima ya mumzindawo, Grand Central, nkhani yake itafika kukhoti lalikulu la dzikolo mu 1978. Makalata athu sanaphule kanthu, komabe inu lembani, ndipo kalata iliyonse muzisunga kope lake lodindidwa tsiku limene yalandiridwa.

Ndikudziwa kuti zimveka zachilendo kuchokera kwa ine, koma mwini nyumbayo musamuyese mdani. Ambiri sagwetsa nyumba chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa imawadyera ndalama osabweza kanthu. Mufunireni ntchito yoti nyumbayo izigwira, kaya laibulale, maofesi kapena malo ochitirako misonkhano, popeza nyumba yokhala anthu imaoneka msanga ikayamba kudontha. William Morris ndi anzake atayambitsa bungwe loteteza nyumba zakale ku England mu 1877, mfundo yawo inali yoti nyumba izisamalidwa pang'onopang'ono nthawi zonse m'malo modikira kuti iwonongeke n'kudzaimanganso mwatsopano. Pokonza, musalole mmisiri kumata simenti pa khoma limene linamangidwa ndi laimu, chifukwa simenti imatsekera chinyezi m'kati ndipo njerwa zakale zimayamba kufumbutuka.

Komabe ngakhale akulandireni bwino chotani, musakhulupirire zapakamwa. Sabata ino tumizani anthu awiri akazungulire siteshoniyo mbali zonse, makamaka kumbuyo kumene anthu sapitako, ajambule denga, mawindo ndi mipaipi ya madzi, ndipo azibwereza mwezi uliwonse zithunzizo zili ndi madeti ake. Mukadzaona lata ngakhale limodzi lasowa, tsiku lomwelo kalata ipite kukhonsolo ndi kwa loya wanu, musadikire msonkhano wa gulu.