Za kukwera Kilimanjaro popanda wotsogolera

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wozolowera Sapitwa angakwere Kilimanjaro yekha. Ayi, sizitheka. Malamulo a paki ku Tanzania salola munthu kudutsa pachipata popanda wotsogolera wovomerezeka, choncho konzani ulendo kudzera ku kampani ya ku Moshi kapena Arusha. Iwo amapezeratu onyamula katundu ndi wophika.

Miyendo yanu sindikuikayikira. Chondidetsa nkhawa ndi mpweya. Sapitwa ndi mamita 3,002, pomwe Uhuru Peak, nsonga ya Kilimanjaro, ndi 5,895. Kumtundako mpweya ndi wochepa, mutu umawawa, nseru imabwera, ngakhale kwa ife amene tinakulira pa Likhubula. Ine ndinanyamuka pa Kibo Hut, malo omaliza ogona pa njira ya Marangu, pakati pa usiku, zala zitachita dzanzi, madzi m'botolo atayamba kuundana, wotsogolera akungoti pole pole, kutanthauza pang'onopang'ono. Mumvereni ameneyo. Akanena kuti mutsike, tsikani ndithu, musalimbane naye.

Njira ya Marangu ili ndi tinyumba togona monga kwathu ku Chambe. Tengani masiku 6, osati 5, kuti thupi lizolowere. Musaiwalenso kusunga ya thokozo ya onyamula katundu, poti kulemera kwa ntchito yawo mumakuona kuno komwe.