Mantha a galu anabwerera: kodi thandizo lonse lija linapita pachabe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Galu anawaluma ali ndi zaka 9, ndipo kuyambira pamenepo akaona galu, ngakhale womangirira, ankatembenuka n'kudzera njira ina. Chaka chatha anapita kwa katswiri wa zamaganizo, ndipo patatha miyezi ingapo anafika pomasisita galu wa mnzawo popanda kunjenjemera. Kenako anasamukira kunyumba ina. Tsiku lina galu wachilendo anawauwa pachipata, mtima unagunda ngati uthyoka, ndipo tsopano ayambiranso kuzemba. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndinangotaya nthawi? Palibe njira yochotseratu mantha kuti asadzabwerenso?"

Mayi, simunataye nthawi. Zimene zakuchitikirani zimadziwika bwino, ndipo zinalembedwa kalekale. Mu 1924, katswiri wa zamaganizo wa ku America, Mary Cover Jones, anafotokoza za kamnyamata kena kotchedwa Peter, ka zaka pafupifupi zitatu, kamene kankaopa kalulu kwambiri. Anayamba kukazoloweretsa pang'onopang'ono ndipo zinkayenda bwino. Kenako mwanayo anadwala n'kukagonekedwa m'chipatala kwa miyezi iwiri. Pobwerera, galu wamkulu anawalumphira iye ndi namwino amene anali naye, ndipo mantha a kalulu aja anabwerera ngati kale. Jones sanagwe ulesi. Anayambiranso, akumuyandikizira kalulu uja pamene mwanayo akudya zimene ankakonda, mpaka Peter anafika pomugwira ndi kumulola kumuluma zala mosewera. Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa ikusonyeza zonse ziwiri: mantha amabwerera, ndipo amachepetsedwanso.

Chifukwa chake n'chakuti ubongo sufufuta phunziro la mantha. Galu atakulumani, kagawo kakang'ono ka ubongo kotchedwa amygdala kanasunga kuti galu ndi ululu zimayendera limodzi. Pamene munkazolowera agalu kwa katswiri uja, phunziro lakalelo silinachoke. Munaphunzira lina latsopano lakuti galu akhoza kukhala pafupi koma osakuchitani kanthu, ndipo mbali ya kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, ndi imene imathandiza kuti latsopanoli liziposa lakale mphamvu. Maphunziro awiriwa amakhala limodzi, ndipo nthawi iliyonse mukakumana ndi galu, limodzi limapambana.

Vuto n'lakuti awiriwa safanana khalidwe. Phunziro la mantha limakutsatani kulikonse, pamene la chitetezo limakakamira pamalo pamene munaliphunzirira. Mark Bouton wa ku yunivesite ya Vermont wakhala akusonyeza zimenezi kwa zaka zambiri pogwiritsa ntchito makoswe. Khoswe akaphunzira kuopa kulira kwina ali m'bokosi limodzi, kenako n'kuzolowetsedwa kulirako m'bokosi lina mpaka atasiya kuopa, mantha amadzuka akangomuchotsa m'bokosi lachiwirilo. Malo atsopano ndi khomo loyamba limene mantha amalowera. Lachiwiri ndi nthawi: pakadutsa miyezi osakumana ndi chinthucho, phunziro latsopano limafooka, zimene wasayansi wa ku Russia, Ivan Pavlov, nayenso anaziona pa agalu amene ankawagwiritsa ntchito pa kafukufuku. Lachitatu ndi kudzidzimutsidwa kapena kupanikizika ndi zinthu zina m'moyo. Kwa inu zinthu zingapo zinakumana pachipata chimodzi: nyumba yachilendo, kutopa kwa kusamuka, ndi galu wouwa mwadzidzidzi.

Ndiye ntchito imene ilipo ndi kulimbitsa phunziro latsopanolo mpaka lizikutsatani nalonso. Michelle Craske ndi anzake ku yunivesite ya UCLA ku America analemba bwino za zimenezi mu 2014, ndipo mfundo yawo yaikulu inasintha kaganizidwe kanga. Kale anthu ankati ukhale pafupi ndi chimene ukuchiopa mpaka mantha atatsika, ndiye kuti wachita bwino. Iwo akuti kutsika kwa mantha tsiku limenelo si chizindikiro chodalirika cha mmene zidzakhalire m'tsogolo. Chimene chimaphunzitsa ubongo ndi kudabwa: unkayembekezera choipa, koma sichinachitike. Choncho musanayandikire galu, lembani zimene mukuganiza kuti zichitika, monga "andilumphira pasanathe mphindi ziwiri", komanso kuti mukukhulupirira zimenezi mochuluka bwanji. Mukatha, lembani zimene zachitikadi. Mungathe kuchoka pamalopo mtima ukugundabe koma mutaphunzira zambiri, chifukwa mwaona ndi maso anu kuti ulosi wanu unalakwika.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikuganiza kuti panali mpata pa thandizo lanu, ndi kusinthasintha. Galu mmodzi wofatsa, pakhomo limodzi, munthu yemweyo ali pambali, amaphunzitsa ubongo kuti galu uyu yekha ndiye wabwino. Pamafunika agalu aakulu ndi aang'ono, ogona ndi othamanga, achete ndi ouwa, m'mawa ndi madzulo, m'nyumba ndi panja, muli osangalala komanso tsiku limene mwatopa. Musamatsatire ndondomeko yochoka pa chophweka kupita pa chovuta nthawi zonse, muzisakaniza. Zimakhala zovutirapo pozichita, koma zimakhalitsa. Ndipo kuyeserera kotalikirana, lero, kenako pakatha masiku atatu, kenako sabata, kenako mwezi, kumakhazikika kuposa kuchita zonse pakamodzi n'kusiya.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachizindikira. Mwina mumayenda ndi kamwala m'thumba, kapena mumagwira mkono wa munthu, kapena mumayamba mwamwa mankhwala okhazika mtima pansi. Zinthu zotere zimaba phunziro. Galu akapanda kukulumani, ubongo umati wakupulumutsani ndi mwala uja, ndipo chikhulupiriro chakuti agalu onse ndi oopsa chimatsala chilili. Mukhoza kuyamba nazo ngati popanda izo simungayambe n'komwe, koma muzizisiya chimodzichimodzi. Mowa nawonso uli m'gulu lomweli.

Timfundo tiwiri tating'ono timathandizanso. Kutchula mantha ndi pakamwa, monga "ndikuopa kuti galu uyu andiluma, manja anga akunjenjemera", kunathandiza anthu oopa akangaude pa kafukufuku wina wa mu 2012 kuposa kudzilimbitsa mtima ndi mawu otonthoza. Komanso mukafika pamalo achilendo, imani kaye n'kukumbukira tsiku limene munasisita galu uja, mmene malowo ankaonekera ndi zimene munaphunzira. Kukumbukira koteroko kumanyamula phunzirolo kulibweretsa pamene mwaima. Muzigonanso mokwanira usiku wotsatira kuyeserera, popeza tulo timathandiza ubongo kukhazikitsa zimene waphunzira.

Nanga zofufutiratu? Asayansi akuzifufuza. Mu 2000, Karim Nader ndi anzake anapeza kuti khoswe akakumbutsidwa mantha ake, zimene ubongo unasungazo zimafewa kwa maola ochepa ndipo mankhwala ena angazisokoneze zisanaumenso. Merel Kindt wa ku Amsterdam anayesa zofanana ndi zimenezi pa anthu pogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa propranolol. Zotsatira zoyamba zinali zolimbikitsa, koma ofufuza ena atabwereza njira zamtunduwu sanapeze zomwezo nthawi zonse. Chonde musagule mankhwala kuti muyese nokha. Propranolol amakhudza mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ndi woopsa kwa anthu a mphumu.

Chimene ndikukupemphani n'chakuti musalole kuti kuzemba kuzike mizu, chifukwa tsiku lililonse limene mwadzera njira ina, phunziro lakale limadya n'kukhuta. Bwererani kwa katswiri uja mumuuze zimene zachitika, ndipo mupemphe kuti kuyeserera kwina kuchitikire kudera lanu latsopanolo. Nthawi zambiri ulendo wachiwiri umafulumira kuposa woyamba, popeza zimene munaphunzira zidakalipo. Yesererani ndi agalu odziwika, olandira katemera wa chiwewe, eni ake ali pomwepo. Galu wachilendo amene akuonetsa mano ndi woyenera kumupewa kwa aliyense, ndipo kumupewa kumeneko ndi nzeru. Ngati mukulota maloto oipa za tsiku limene munalumidwa, kapena zithunzi zake zikumakubwererani masana, munenenso zimenezo, chifukwa zimafuna thandizo lakelake. Ndipo mantha akadzatsikanso, sankhani tsiku limodzi mwezi uliwonse loti muzikacheza ndi galu, ngakhale mukumva bwino.