Nyama ya ng'ombe ndi ma noodles: moto ukhale waukali, pani ikhale youma

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chelstone. Amagwira ntchito m'tauni, ndipo akamatsika minibasi madzulo kumakhala kutada kale, ana akudikira chakudya. Anadyapo ma noodles okazinga ndi nyama ya ng'ombe pamalo ena odyera a Atchaina, ndiye anafuna kuti aziphika okha poti anamva kuti sizitenga nthawi. Koma akuti nthawi zonse nyama imatuluka yolimba, pani imadzaza madzi, ma noodles n'kusanduka phala. Akufunsa ngati vuto ndi kusowa wok, pani yozama ija ya Atchaina, kapena pali mankhwala ena amene ophika aja amathira mwakachetechete. Anatinso ali ndi sitovu yamagetsi ya mapuleti awiri, komanso mbaula yothandiza magetsi akazima. Pomaliza anafunsa ngati angathiremo matimati.

Amayi, zikomo polemba. Ndalama ya wok ija isungeni kaye. Chimene chikukuwonongerani chakudya ndi madzi, ndipo madziwo akubwera chifukwa chakudya chikuchulukira moto.

Dzanja lathu linazolowera kuphika ndiwo. Timaika nyama yonse mu poto, kuvundikira, kuisiya itulutse madzi ake, iwire mpaka ifewe, kenako anyezi ndi matimati. Pa nyama ya mafupa yodyera nsima palibe njira yoposa imeneyo, ndipo sindingaisinthe. Koma chakudya chimene mukufunachi chimakana zonsezo. Sichivundikiridwa, sichidikiridwa, ndipo sichiphikidwa chambiri nthawi imodzi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nyama imayamba kufiira n'kutulutsa fungo lowotcha lija ikafika pa 140°C kupita m'mwamba. Madzi safika kumeneko. M'mbali mwa nyanja yamchere amawira pa 100°C, ndipo kuno ku Lusaka, poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, amawira pa 96°C kapena cha pomwepo. Pani ikakhala ndi madzi pansi, chakudya sichingatenthe kupitirira pamenepo mpaka madziwo ataphwa. Ndiye mukakhuthulira theka la kilogalamu ya nyama yozizira mu pani imodzi, pani imazizira, nyama imatuluka madzi, n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika. Nyama yowira kwa mphindi khumi ili pamalo oipitsitsa: yadutsa kale nthawi imene imafewa chifukwa yangopsa kumene, koma sinafike maola awiri amene mitsempha yake imasungunuka. Ndi pamenepo pamene nsagwada zimatopa.

N'chifukwa chake ndikuti mbaula yanu musaione ngati chongothawira magetsi akazima. Makala akayaka bwino, onse atafiira ndipo utsi watha, amapereka moto woposa puleti lamagetsi, lomwe limachedwa kubwezera kutentha mukaikapo chinthu chozizira. Ophika a ku Guangdong, kumwera kwa China, amanyadira kafungo ka utsi kamene kamabwera mafuta ndi msuzi zikapsa pachitsulo chotentha kwambiri, ndipo pa mbaula mudzakayandikira kuposa pa sitovu. Chiwaya chachitsulo chimakhala bwino pamakala. Pa puleti lamagetsi pamafunika pani yolemera, yotakata, yapansi pathyathyathya. Wok yozungulira pansi imangokhudza puleti pakadontho kamodzi, ndiye imatentha moperewera. Mbaula ikhale panja kapena pakhonde, chonde. Mpweya wa makala m'nyumba yotseka umapha anthu, ndipo sununkha.

Tsopano nyama. Ku butchala funsani rump, sirloin kapena topside, ndipo muwauze kuti asakuduleni ndi makina. Akupatseni chinthuli chimodzi. Nyama ya mwendo ndi ya pachifuwa isiyeni ya tsiku la nsima. Pa anthu anayi magalamu 300 ndi okwanira. Mwina mukuona ngati zachepa, koma nyama ikadulidwa mopyapyala imafalikira mbale yonse, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene ndimakondera chakudyachi mwezi ukapita kutali.

Ikani nyamayo mu firiza kwa mphindi 20 kapena 30 kuti iume pang'ono, mpeni usamaterereke. Mukaiyang'anitsitsa muona timizere toyenda mbali imodzi. Dulani modutsa timizereto, osati motsata, ndipo kachidutswa kalikonse kasanenepe kupitirira mamilimita atatu. Timizereto ndi ulusi wa mnofu. Mpeni ukaudula kukhala waufupi, mano amapeza ntchito yatheka kale. Anthu ambiri amalumpha apa n'kumadandaula za butchala.

Za mankhwala mwafunsa zija, alipodi, ndipo ali kale m'kabati mwanu. Ndi soda yemwe uja timathira mu therere. Soda amapangitsa kuti mnofu usakhwinyate kwambiri ukakumana ndi moto, ndiye umasunga madzi ake m'malo mowalavulira mu pani. Pa magalamu 300 thirani kota ya sipuni yaing'ono basi. Mukachulutsa, nyama imamveka sopo, ndipo palibe chimene chingaikonze. Onjezani sipuni yaikulu imodzi ya soy sauce ndi masipuni awiri a madzi, mufikise ndi zala mpaka nyama itamwa zonse. Kenako masipuni aang'ono awiri a cornflour, pomaliza sipuni ya saladi kuti tizidutswa tisamatirane. Isiyeni mphindi 15 mukuchita zina. Ikakhala nyama ya ng'ombe yokalamba, yolimba kwenikweni, ipakeni theka la sipuni yaing'ono ya soda payekha, ikhale mphindi 20, muitsuke bwino, muipukute ndi kansalu koyera mpaka iume, kenako muthire zina zija.

Cornflour ameneyu si ufa wa nsima, ngakhale wosalala bwanji. Ndi sitalichi yoyera yotengedwa m'chimanga, yofanana ndi Maizena wa m'masitolo akuluakulu. Amakuta nyama ndi kachikhungu kopyapyala koiteteza ku moto, ndipo ndi yemweyo amagwiritsa msuzi kuti umatirire ku ma noodles m'malo motsalira pansi pa mbale. Ufa wa nsima ungokupatsani misere.

Msuzi usakanizeni mu kapu musanayatse moto: masipuni aakulu awiri a soy sauce, imodzi ya oyster sauce, sipuni yaing'ono ya shuga, ina ya cornflour, ndi madzi masipuni atatu. Soy sauce wabwino amapangidwa ndi soya, tirigu, mchere ndi madzi zosasitsidwa kwa miyezi, choncho werengani pabotolo. Alipo wopepuka, yemwe ndi wamchere, ndi wakuda wokhuthala, yemwe ntchito yake yaikulu ndi kupatsa chakudya mtundu. Ngati mukugula botolo limodzi, gulani wopepuka. Oyster sauce anayamba kupangidwa ndi Lee Kum Sheung mu 1888 ku Guangdong komweko, ndipo kampani yake, Lee Kum Kee, ikugulitsabe mpaka lero. Amapangidwa kuchokera ku nkhono zam'nyanja, ndiye ngati m'nyumba mwanu muli a Sabata kapena wina amene zam'nyanja zimamutupitsa, funani wopangidwa ndi bowa, kapena ingomusiyani n'kuwonjezera soy sauce ndi shuga pang'ono. Mchere musathire. Soy sauce wabwera nawo kale wokwanira.

Ma noodles a dzira ouma mungawapeze m'masitolo a Atchaina, monga ku JCS Food Town ku Longacres, koma sindingakuuzeni kuti muchoke ku Chelstone chifukwa cha iwo okha. A m'mapaketi aja, omwe Momofuku Ando anayambitsa ku Japan mu 1958, amagwira ntchito, bola mudziwe kuti ambiri mwa iwo anaphikidwa kale ndi nthunzi n'kukazingidwa m'mafuta ku fakitale. Safuna kupsanso kawiri konse. Aviikeni m'madzi owira kwa mphindi imodzi ndi theka, angomasuka koma pakati pakadali polimba. Kapaketi ka zokometsera kaja kaikeni padera. Mapaketi atatu akukwanirani.

Supageti nayenso amatha. Mukamamuwiritsa thirani masipuni aang'ono awiri a soda pa lita imodzi ya madzi, mu poto wamkulu chifukwa amachita thovu. Amatuluka wachikasu, wotanuka, wofanana ndi ma noodles a ku Asia. Izi sizachilendo kwa ife amene tinakula tikuona agogo akucheza chidulo: ku China nakonso kale ankagwiritsa ntchito madzi a phulusa la zomera pokanda ma noodles, ndipo ndi amene amawapatsa mtundu ndi kutanuka kumeneko.

Kaya mwasankha ati, atsanuleni asanapse kwenikweni, muwatsuke ndi madzi ozizira kuti asapitirize kupsa, muwakhutumule mpaka madzi onse atachoka, muwathire kasipuni ka saladi, muwayale pa thireyi. Ma noodles onyowa akalowa mu pani ndiye phala mwanena lija.

Pa masamba ndife odala. Chainizi amene wadzaza pa Soweto Market ndi woyenera chakudyachi kuposa masamba ambiri odula a m'masitolo. Lekanitsani mitengo yake yoyera ndi masamba, poti mitengo imachedwa kupsa. Repu amathanso, kabichi chimodzimodzi. Anyezi mmodzi wodula m'litali, karoti mmodzi wodula ngati timitengo ta machesi, tsabola wobiriwira ngati alipo, ndipo nyengo yadzinja bowa wodziwika bwino. Adyo timano titatu ndi jinja wofika chala chachikulu, zosinja. Masamba mukatsuka aumitseni. Ndikubwereza mawu amodzimodzi chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndipo musachulutse: zibakera zitatu kapena zinayi za masamba onse pamodzi n'zokwanira.

Zonsezi zikhale pafupi ndi mbaula, chilichonse m'kambale kake, musanaike pani pamoto. Mukayamba simupezanso mpata wosenda adyo.

Tenthetsani pani yopanda kanthu mpaka dontho la madzi likamagwera lizingovina n'kuzimiririka. Ngati pani yanu ndi ija yokutidwa kuti isamatirire, musaitenthetse yopanda kanthu chonchi, imawonongeka. Yachitsulo ndiyo yoyenera. Thirani sipuni yaikulu ya saladi, muizungulize, muike theka la nyama, kachidutswa kalikonse kakhudze chitsulo. Apa ndi pamene mtima umafuna kutakasa. Musatakase. Werengani mpaka 40 kapena 60, pansi pafiire, kenako tembenuzani, masekondi ena 30, muchotse ikadali yofiirira pang'ono mkati. Idzamaliza kupsa ikabwerera. Dikirani pani itenthenso, muchite chimodzimodzi ndi theka lotsala. Mverani phokoso: likakhala lakuthwa, loti tswaa, zili bwino. Likasanduka la kubwata, moto wachepa kapena mwachulutsa.

Nyama ili pambali, thirani saladi wina pang'ono. Anyezi, karoti ndi mitengo ya chainizi zilowe kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mukutakasa mosaleka tsopano. Adyo ndi jinja zibwere pambuyo, masekondi 15 okha, chifukwa pamoto wotere adyo amapserera msanga n'kuwawitsa chakudya chonse. Masamba atsatire, ndipo akangogwa ikani ma noodles. Ayaleni, akhale kamphindi akhudze chitsulo, kenako muziwanyamula ndi mafoloko awiri m'malo mowavundula ndi mthiko, womwe umawaphwanya. Bwezerani nyama ndi timadzi take tonse. Takasani msuzi uja mu kapu, poti cornflour amakhala atakhazikika pansi, muutsanulire m'mbali mwa pani kuti ufike kaye pachitsulo chotentha. Mphindi imodzi, msuzi ukangonyezimira n'kugwira, phulani. Pamoto ponse simukhalapo mphindi khumi, ndipo kudula ndi kukonza kumatenga mphindi 20, kupatula nthawi ija ya mu firiza.

Ngati pani yanu ndi yaing'ono, gawani zonse pawiri muphike kawiri. Ana adye mbale yoyamba inu mukumaliza yachiwiri. Kuphika kawiri kumafulumira kuposa kudikira madzi aphwe mu pani yodzaza. Ndipo poti mumafika kunyumba mochedwa, nyama mukhoza kuidula ndi kuithira zokometsera m'mawa n'kuisiya mu firiji, bola soda akhale kota ya sipuni ija, osati wochuluka. Tsiku limene mukudziwa kuti magetsi sakhalapo maola ambiri, ndi bwino kugula nyama pobwerera kuntchito.

Za matimati, thirani, koma osati monga timachitira ndi ndiwo. Atchaina a ku Guangdong nawonso ali ndi chakudya cha nyama ya ng'ombe ndi matimati, choncho simukulakwira aliyense. Sankhani olimba, osapsa kwambiri, muwadule panayi kapena pasanu ndi kamodzi, muchotse njere ndi madzi am'kati, muwaike pamodzi ndi nyama ikamabwerera mu pani, angotentha koma asasungunuke. Matimati awiri ndi okwanira, ndipo muonjezere shuga theka la sipuni yaing'ono kuti achepetse kuwawasa. Tsabola wowawa muikeni patebulo, akuluakulu azithira okha.